Tsiku Limene Ndinakankhitsa Galimoto ya Damiano

Ana anga, iwe Agnesi ndi iwe Pio, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimasungira pisitoni yong'aluka pawindo la kuchipinda, chonsecho zitsulo zanga zonse za ntchito ndinagawa kalekale. Mutu wa nkhaniyi munaumva kwa alamu anu a Esnati, koma thunthu lake sindinakuuzenipo. Pakamwa ndayesa ndalephera, ndiye ndati ndilembe, poti makaniko dzanja lake limaposa lilime lake. Ndiyamba ndi kumene ndinaphunzira ntchito, chifukwa cholakwa changa chinabadwira kumeneko, kungoti chinadikira zaka zambiri kuti chionekere.

1981, kufupi ndi Nguludi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kwa Che Amadu, wamalonda wachiyawo amene anali ndi malole awiri onyamula nandolo ndi chimanga kupita ku Limbe. Galaja yawo inali pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku mishoni. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka, ndipo kachipewa kawo koyera sikanadonthereko oyilo ngakhale tsiku limodzi, chinthu chimene mpaka lero sindimvetsa. Tsiku loyamba anandipatsa sikuludilaiva yaitali, nandiuza kuti nsonga yake ndigunditse pa injini ikulira, chogwirira chake ndiike pakhutu.

"Wamva chiyani?" anandifunsa.

"Phokoso, bwana."

"Phokoso amamva ndi wodutsa mumsewu. Iwe umve pamene pakubuula. Injini ndi munthu, Fabiano, ikamadwala imanena yokha pamene pakupweteka."

Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo khutu langa linafika pomva vavu imodzi imene yalekerera pakati pa zinzake zonse. Koma chimene chinandilowa kwambiri m'magazi ndi china. Malole awiriwo ankabwerekana batire limodzi, lomwenso linali lotopa. Choncho madzulo aliwonse tinkaimika lole pamtsetse, n'kuisiya mu giya, n'kuika mwala kutayala. M'mawa kunali kungochotsa mwala, kuilola itsetsereke, kuika giya yachiwiri, kusiya kilachi mwadzidzidzi, basi yalira. Pakakhala popanda mtsetse tinkaitana anthu kuti akankhe. Che Amadu ankakonda kunena kuti, "Batire ndi la olemera. Wosauka batire lake ndi mtsetse." Ndinkaseka, ndipo mawuwo ndinawatenga kukhala anga.

1989 mpaka 2014, galaja ya boma

Che Amadu atagulitsa malole awo chifukwa cha ukalamba, ndinalembedwa pa galaja ya boma ku Blantyre, kenako anandisamutsira kuno ku Chiradzulu, kumene ndinagwira mpaka kupuma. Mabwana ndinaona ambiri. Ena ankadziwa mapepala okha, ena ankadziwa zitsulo, koma onse ankafanana pa yankho limodzi tikapempha zipangizo: "Kusitolo kulibe, onani chochita." Ndipo tinkaonadi chochita. Gasiketi tinkadula pa katoni, bawuti yotha mazinga tinkaikulunga ndi ulusi, lamba woduka tinkamusoka. Palibe bawuti imene inatayidwapo m'manja mwanga. Galimoto zitatu zakufa tinkaziphatikiza n'kutulutsa imodzi yoyenda, anthu n'kumati a Fabiano ndi mfiti ya zitsulo. Kunena zoona, kutamandidwa kumeneko kunandikoma, ndipo kunandiumitsa mutu.

Mchimwene wanu Damiano, mwana wathu woyamba, anatsata ntchito yanga, koma iye anakaiphunzira kusukulu ya ntchito zamanja. Atamaliza tinayamba kusemphana. Iye ankati galimoto za masiku ano zimafuna makina oziyezera ndi mabuku ake, ine ndinkati khutu langa silinanamizepo munthu. Tsiku lina anandipeza ndikumanga mutu wa injini ndi sipanala wamba, ndikuyeza ndi mphamvu ya mkono basi.

"Ababa, pali sipanala yoyezera. Imalira yokha mukafika pa mlingo wake."

"Mkono uwu unayamba kuyeza iwe usanabadwe," ndinamuyankha. "Galu wamkota sakandira pachabe."

Anangoseka n'kuchokapo, poti sanali mwana wobweza mawu. Mu 2011, mafuta atavuta ndipo magalaja atangoti zii, ananyamuka kupita ku Joni. Anasiya mkazi wake Esnati kwawo cha ku Likoswe, ali ndi mwana wakhanda, Chisomo uja. Ine ndinamuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, apite, koma mumtima ndinkati akatopa ndi makina akewo adzabwera kudzaphunzira ntchito yeniyeni. Ndinapuma ntchito mu 2014 n'kubwerera kumudzi kwa mayi anu, kuseri kwa Milepa, kumene ndakhala mkamwini moyo wanga wonse.

2017, kubwera kwa Damiano

Anabwera patatha zaka zisanu ndi chimodzi, akuyendetsa yekha kagalimoto kofiira ka zitseko zinayi. Mudzi wonse unathamangira kudzaona galimotoyo, koma ine ndi mayi anu tinaona munthuyo. Anali atatha thupi, ndipo akayenda kuchoka pakhonde kufika pakhola ankaima kuti apume. Anati ndi chifuwa chimene chinamuyamba ku galaja yopopera penti kumene ankagwira. Tinagwirizana kuti akhale kwathu kuno pamodzi ndi apongozi athu a Esnati ndi mwana, kuti mayi ake amusamale, komanso poti chipatala cha ku Milepa chili pafupi kuyerekeza ndi kwawo kwa mkazi wake.

M'mawa mwake anandiitana kuti ndione injini. Nditatsegula boneti ndinaseka, chifukwa injiniyo inali yaing'ono moti ndikanatha kuikumbatira.

"Zaka zonsezi wakagula makina osokera?" ndinamufunsa.

"Kwerani kaye, ababa, muziseka pobwera."

Titatuluka mumsewu waukulu anaponda pang'ono, ine mutu n'kubwerera kumbuyo. Mphamvu imeneyo ndinali ndisanaimvepo pa kainjini kotero. Anaima pambali nandifotokozera, akupumira m'mwamba pakati pa mawu. Anati injiniyo ili ndi mivukuto iwiri youzira mpweya, monga wosula makasu amauzira moto wake. Wina ndi supatchaja, umene umazunguzidwa ndi lamba ndipo umagwira ntchito galimoto ikangoyamba kuyenda. Wina ndi tebo, umene umazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, ndiye sungayambe msanga, umadikira kuti injini ithamange. Ukangodzuka wachiwiriwo, woyamba uja umamasuka n'kupuma.

"Supatchaja ndi inu, ababa," anatero akumwetulira. "Mwayambitsa ulendo. Tebo ndine, ndabwera kudzakulandirani kuti mupume."

Kenako nkhope yake inasintha. Anati pali chinthu chimodzi chimene akundipempha. Mkati mwa injiniyo muli tcheni chimene chimagwirizanitsa mapisitoni ndi mavavu kuti asagundane, ndipo kachitsulo kokunga tchenicho kamadalira oyilo wopopedwa injini ikulira. Injini ikazima, tcheni chimakhala cholobodoka. "Ndiye galimoto iyi musamaisiye mu giya pamtsetse, ndipo chonde musadzaikankhe. Batire likatha, bwerekani lina. Mukaigwedeza mwadzidzidzi tcheni chidumpha mano, mavavu akumana ndi mapisitoni, basi yatha."

"Ndakankha malole odzaza chimanga iwe uli kumsana," ndinatero.

"Ndikudziwa, ababa. Koma iyi si lole."

Tinali awiriwiri m'galimotomo, ndipo palibe wina amene anamva mawu amenewo. Ndinavomera ndi mutu kuti nkhani ithe.

February 2018

Mvula itakhazikika, Damiano analeka kutuluka panja. Galimoto inakhala milungu itatu osalizidwa. Madzi atayamba kudikha pabwalo, ndinaisuntha n'kukaimika kumtunda, kuseri kwa khola la mbuzi, itayang'ana kukwera. Dzanja langa linachita lokha chimene linazolowera: giya yoyamba, mwala kutayala. Sindinaganize n'komwe.

Tsikulo linali Lachitatu, dzuwa litakwera pang'ono. Mayi anu anandiitana kudimba kuti mwana akulephera kupuma. Tinamunyamula n'kumugoneka kumpando wakumbuyo, mutu pamiyendo ya mayi ake. Apongozi anakhala kutsogolo atanyamula kabuku ka kuchipatala. Nditapotoza kiyi, sitata inangoti the, the, the. Batire linali litafooka. Alamu anga a Buleya, mlongo wawo wa mayi anu, anatuma munthu pa njinga kuti akabwereke batire kuchigayo, ulendo wosafika theka la ola kupita ndi kubwera. Koma ine ndinaona mtsetse uli pomwepo, amuna anayi atangoima chilili, mwana wanga akubanika.

"Chotsani mwala, tikankhe," ndinatero.

Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, maso anga n'kukumana ndi a Damiano. Kuyankhula sakanatha. Anapukusa mutu kawiri, pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Ndinaona, ana anga. Sindinganame kuti sindinaone. Ndinachotsa maso pagalasipo.

Atachotsa mwala galimoto inagwedezekera kumbuyo ili mu giya. Ndinaponda kilachi, anaitembenuza, naikankhira kumtsetse. Ndinaika giya yachiwiri n'kusiya kilachi monga ndinachitira maulendo osawerengeka. Inadzuma kamodzi, kenako ndinamva kuti kha, kha, kulira kwa chitsulo chomenya chinzake, n'kuti zii. Anthu enawo anangomva phokoso. Ine ndinamva pamene panabuula.

Batire la kuchigayo linafika tisanapume n'komwe. Titalumikiza, injini inazungulira mopepuka, yopanda mphamvu iliyonse, osagwira moto. Tinamanga machira a nsungwi ndi bulangete, amuna n'kumalandirana panjira yamatope. Pa galimoto tikanafika ku Milepa nthawi yochepa chabe. Wapansi tinayenda kupitirira ola. Damiano anatisiya titangowoloka kamlatho, denga la chipatala likuonekera patsogolo pathu. Kaya akanachira tikanafika msanga, palibe amene angadziwe, ndipo a kuchipatala sananene chilichonse chotero. Koma ine ndimadziwa kuti ola limenelo ndinamulanda ndine.

Pambuyo pa maliro

Pamaliro anthu sakhala opanda chonena, ndipo nkhani inali ya galimoto. Ena ankati galimoto za ku Joni amazipaka penti kunja, mkati zili zowola. Ena ankati mnyamatayo anamupusitsa, zaka zonse zija kukagula chitsulo chimene chamukana tsiku limodzi lokha limene anachifuna. Wina anafika pondipepesa kuti, "Pepani a Fabiano, akanakufunsani inu odziwa asanagule." Ndinangowerama. Anthu ankayesa ndi chisoni chokha, koma munalinso mantha. Dzina langa lonse linali pa zitsulo, ndipo ndinaopa kuimirira pamaso pa akuchikazi, ine mkamwini, n'kunena kuti mwana wanu anandichenjeza koma sindinamvere.

Itafika nthawi yosudzula apongozi kuti abwerere kwawo, banja linakhala pansi kukamba za katundu. Kwathu kuno mawu omaliza pa mwana ndi a atsibweni ake, choncho a Buleya ndiwo anatsogolera. Anati galimotoyo igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, ichoke pamudzi, chifukwa mlongo wawo akaiona amalira. Anafunsa apongozi ngati ali ndi mawu. Iwo anali atakhala patali pa mphasa, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wa chipongozi, ndipo anayankha osakweza mutu.

"Gulitsani. Anandisiya zaka zisanu ndi chimodzi ndi mwana wakhanda. Ndikati bwerani, ankati dikira ndimalize galimoto, idzatidyetsa. Ndi imeneyo yatidyetsayo. Akanangokhala kuno n'kumalima, bwenzi mwina alipo."

Chisomo anali atatsamira mayi ake, akumva zonse. Mawu amenewo anandilasa kuposa nyimbo zonse za pamaliro, chifukwa ndinaona kuti mkaziyu akupita kwawo atakwiyira mwamuna wake, ndipo mwanayu akula akudziwa kuti bambo ake anali munthu wopusitsika. Apo ndiye panali poyankhulira. Sindinayankhule. Ndinangopempha kuti andipatse nthawi ndiyese kuikonza, ikadzuka ikhale ya apongozi ndi mwana.

"Alamu, mwapuma ntchito inu," anatero a Buleya. "Mukufuna kudzipha ndi chitsulo?"

"Ndipatseni mpaka tikolole kawiri. Ikakanika mudzagulitse."

Anavomera monyinyirika. Ndinadziuza kuti ndikuchitira mdzukulu wanga, koma pansi pa mtima ndinali ndi kachiyembekezo konyansa: kuti mwina ndikatsegula ndipeza vuto lina, lakale, losakhudza ine.

2018 mpaka 2019, pansi pa mtengo wa mango

Injini ndinaitulutsa ndi tcheni chokwezera chimene ndinamangirira kunthambi ya mango a pakhomo. Ndinayala matumba a feteleza pansi n'kuyamba kumasula. Pa injini za kale ndinkaponya mabawuti onse m'chitini chimodzi, poti ndinkawadziwa ngati ana anga. Apa ndinachita mantha, ndipo chilichonse ndinkachiika pachokha n'kulemba ndi makala pathumba. Mapaipi a mpweya okha anali ochuluka ngati matumbo a mbuzi. Tebo inali kutsogolo, yaing'ono ngati nkhono yaikulu, supatchaja itabisala kumbuyo, ndipo lamba wake ankalumikizidwa ndi kumasulidwa ndi kachipangizo ka magetsi kokhala pa pampu ya madzi. Zinanditengera masiku anayi kuti ndingomvetsa njira imene mpweya umayenda.

Tsiku limene ndinachotsa mutu wa injini ndinali ndekha, mayi anu atapita kumunda. Tcheni chinali chitadumpha mano. Mavavu anali opindika ngati misomali yomenyedwa molakwika. Pamwamba pa pisitoni iliyonse panali kachipsera kooneka ngati chikhadabo, pamene vavu inamenya, ndipo imodzi inali itang'aluka m'mphepete. Ndinafufuza paliponse kufuna vuto lakale. Munalibe. Makoma a masilinda anali osalala, oyilo anali woyera, tebo inkazungulira ndikangoiuzira ndi pakamwa. Mwana wanga anali atasankha galimoto yabwino ndipo anaisamala kuposa mmene ine ndinasamalirapo galimoto iliyonse. Ndinakhala pansi pa fumbipo, pisitoni ili m'manja, mpaka mbuzi zinayamba kulira kuti zitsegulidwe.

M'bokosi lake la zitsulo ndinapezamo sipanala yoyezera ija ndi kabuku ka chikuto chakuda. M'menemo analembamo ndi dzanja lake zonse za injiniyo: mlingo womangira bawuti iliyonse, ndondomeko yake, mtundu wa oyilo, ndi zojambula za tizitsulo togwirira mashafuti kuti asasunthe poika tcheni. Pa tsamba lina analemba kuti mabawuti a mutu wa injini akamasulidwa sabwezeredwanso, pamafunika atsopano. Ine amene ndinali ndisanatayepo bawuti, ndinawatenga onse khumi n'kukawataya m'chimbudzi kuti ndisadzayesedwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wophunzira wa mwana wanga. Chimene kabuku kanena ndinkachita, osafunsa, osawonjezera nzeru zanga. Amati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya kale langa.

Zipangizo zinavuta monga mwa masiku onse. Mutu wa injini ndinaunyamula pa kabaza kenako pa minibasi kupita nawo ku Limbe kuti akaupale ndi kuika mavavu ena. Tizitsulo togwirira mashafuti tinapanga ndi wowotcherera wa pa Milepa, tikuyang'ana zojambula za Damiano, ndipo tinalakwitsa kawiri tisanakhoze. Tcheni, kachitsulo kokungira, pisitoni ndi mabawuti anatitumizira pa basi ndi mnzake wa Damiano wa ku Joni, koma tinadikira miyezi isanu. Ndinagulitsa mbuzi ndi njinga yanga. Mayi anu sanadandaule, kungoti tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi mukukonza galimoto kapena mukulira maliro?" Ndinati zonse ziwiri.

Nthawi yoyamba imene sipanala yoyezera inalira kuti the m'manja mwanga, ndinazindikira kuti mkono wanga ukanapitirira patali. Ndinaganiza za mitu yonse ya injini imene ndinamanga moyo wanga wonse, ndipo ndinachita manyazi ndili ndekha.

Ndinamaliza mu June 2019. Ndinaitana a Jafali, mwana wa malemu Che Amadu, amene ali ndi galaja ku Limbe ndipo ali ndi makina oyezera aja ndinkawanyoza. Analumikiza makinawo, naona zonse, nati zili bwino. Ndinathira oyilo wopyapyala amene kabuku kananena, ndinayamba ndadonthezera wina mu tebo kuti isazungulire youma, ndinaika batire latsopano, n'kupotoza kiyi. Inalira ulendo wachiwiri. Ndinagunditsa sikuludilaiva ya Che Amadu, khutu pachogwirira, ndipo munalibe pobuula paliponse.

Ndinapita nayo ndekha kumsewu waukulu. Poyamba ndinamva kamluzu ka supatchaja, kenako injini itathamanga kamluzuko kanaleka, tebo n'kulandira, galimoto n'kuuluka. Zinali monga Damiano ananenera tsiku lija, wamkulu kuyambitsa, wamng'ono kulandira. Ndinaima pambali pa msewu, pafupi ndi pamene tinaima naye, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire pamanda.

July 2019, ku Likoswe

Mbiri inawanda msanga. Anthu ankabwera kudzaona, ndipo mawu awo anali amodzi: mwana anagula chakufa, bambo achidzutsa. A Buleya anandigwira chanza nati anandiderera. Dzina langa linakwera kuposa kale, ndipo linkakwera litaponda pa dzina la mwana wanga. Ndikanatha kukapereka galimotoyo, kulandira zikomo, n'kufa ndi chinsinsi changa. Sabata yathunthu ndinalimbana nazo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikanena nditaya ulemu kumudzi kumene ndine wobwera, mwinanso nditaya mayi anu.

Ndinayamba ndi iwo, m'mawa wina tikuthirira kudimba. Anamvetsera mpaka kumapeto, chitini cha madzi chili m'manja.

"Ndinamuona akupukusa mutu," anatero. "Ndinkayesa akulimbana ndi mpweya."

Anaika chitinicho pansi. Kenako anati, "Pitani mukawauze apongozi anu. Zanga ndi inu tidzakamba pambuyo." Anatha mwezi osandiyankhula kupatula za chakudya, ndipo sindikuwadandaula.

Ndinafika kwawo kwa apongozi masana. Ndinafunafuna malo athyathyathya pabwalo, ndinaimika galimoto, ndinaichotsa mu giya, n'kukoka buleki yapamanja. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo, iwo n'kukagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, atayang'ana kumbali. Zaka zonse za ukwati wawo tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Zofunika zinkadutsa kwa mayi anu kapena kwa Damiano. Amayi awo a apongoziwo anafuna kuti akhale pakati kutilandirira mawu, koma ndinapempha kuti lero lokha mwambo utikhululukire.

"Apongozi, sunthirani pafupi. Pali chinthu chofuna muone ndi maso anu."

Anazengereza, kenako anasendera mpaka m'mphepete mwa mphasa. Ndinatulutsa pisitoni ija m'thumba la jekete n'kuiika pakati pathu. Ndinawaonetsa chipsera ndi mng'alu, ndipo ndinawauza zonse: chenjezo la pamsewu, giya ndi mwala, galasi, kupukusa mutu, ndi batire limene linafika patangopita mphindi zochepa chabe, ine nditalephera kudikira. Ndinawauzanso kuti tsiku logawa katundu ndinamva mawu awo ndipo ndinakhala chete chifukwa cha mantha.

Sanalire msanga. Anaitenga pisitoniyo, nayendetsa chala pachipserapo. Kenako anakweza mutu nandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire.

"Ndiye bambo a Chisomo sanapusitsidwe?"

"Iyayi. Anagula galimoto yabwino, ndipo anaisamala bwino. Ndatsegula paliponse, ndaona. Amene anaipha ndine."

"Chaka ndi miyezi isanu," anatero. "Chaka ndi miyezi isanu ndakhala ndikukwiyira munthu ali m'manda. Chithunzi chawo ndinachiika pansi pa sutikesi. Mwanayu akafunsa za bambo ake ndimamukalipira. Inu mukudziwa, muli chete."

Ndinkayembekezera kuti anditukwana kapena andithamangitsa, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anatembenuka n'kuitana Chisomo, amene ankasewera kuseri kwa nyumba. Mwanayo atabwera anamukhazika pamiyendo pawo, ngakhale anali wamkulu kale, wa zaka zisanu ndi zitatu.

"Bwerezani mawu aja, apongozi. Osati kwa ine. Muuzeni uyu."

Ndinamuyang'ana mdzukulu wanga, amene ali ndi mphumi ya bambo ake, ndipo ndinamuuza kuti bambo ake anali makaniko wodziwa kuposa agogo ake, kuti galimoto imene anawabweretsera inali yabwino, ndi kuti anandiuza chochita koma ine sindinamvere. Mwanayo anafunsa kuti, "Chifukwa chiyani simunamvere?" Ndinati chifukwa ndinkayesa kuti munthu wamkulu sangaphunzire kwa mwana wake.

Ndinapereka makiyi, kabuku kakuda kaja ndi sipanala yoyezera, kuti zisungidwire Chisomo. Galimotoyo amayendetsa mchimwene wawo wa apongozi, amanyamula anthu opita ku Limbe ndi odwala opita ku Nguludi, ndipo ndi imene ikuphunzitsa mwanayo. Ndinamuuza mnyamatayo za giya ndi za kukankha katatu konse, mpaka anaseka. Ine sindinaseke.

Mawu oti ndakukhululukirani sanatuluke tsiku limenelo, ndipo sindinawapemphe. Nditatsanzika kuti ndikakwere kabaza, apongozi ananditsatira mpaka kumpanda, nagwada, nandipatsira pisitoni ija ndi manja awiri.

"Galimoto ndi ya bambo a Chisomo, tailandira," anatero. "Koma ichi tengani. N'chanu."

Ndi imeneyo ili pawindoyo, ana anga. Ndikadzapita musadzaitaye, ndipo wina akadzafunsa kuti inang'aluka bwanji, mudzanene dzina langa, osati la Damiano.